Chiwindi cha a Shefu Twaibu

Ana anga, za ubwana wanga ku Maganga munazimva kale mpaka kutopa nazo, ndiye sindizibwereza pano. Chimene simukuchidziwa bwino ndi ntchito imene inakulerani, komanso munthu amene anandiphunzitsa ntchitoyo. Akuluakulu mwa inu mukukumbukira bambo wina wathupi lalikulu, wovala chipewa choyera chachitali, amene ankakupatsirani mabanzi otentha pa chitseko chakumbuyo kwa loji mukabwera kudzandifuna. Bamboyo ndi a Twaibu. Mutu uno ndi wa ntchito yanga, koma muona kuti mbali yaikulu ndi ya iwo.

Pa Salima, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mbale pa resitihausi ina kufupi ndi depoti ya basi. Mwini wake anali mayi wolusa amene ankanunkhiza mbale iliyonse ndisanaiike pa shelefu. Madzi tinkatunga pa mjigo, sopo akatha tinkakwecha mapoto ndi phulusa, ndipo zala zanga zinang'ambika mpaka ndinkavutika kumanga mpango kumutu. Ogona pamalopo anali ogula nsomba, madalaivala a malole a thonje, ndi aphunzitsi obwera ku boma kumapeto kwa mwezi. Sankafuna zambiri. Bola ndiwo zikhale ndi msuzi.

Tsiku lina wophika wathu anapita kumaliro, mayi aja n'kundikankhira ine pamoto. Masana amenewo kunabwera bambo wochepa thupi, wandevu zosamalidwa bwino, atanyamula dengu la mandimu ndi tsabola zimene anagula pamsika. Anaitanitsa chambo. Atatha kudya anasuzumira kukhitchini n'kufunsa kuti waphika ndani. Ine ndinayesa ndalakwitsa, ndiye ndinayankha nditagwada.

"Anyezi mwapsereza," anatero. "Koma nsombayi simunaizunze, mwaichotsa pamoto nthawi yake. Zimenezo ena saziphunzira ngakhale aphike mpaka imvi. Dzina lanu ndani?"

"Ndine Nachisale, bambo."

"A Nachisale, ine ndine Twaibu, wophika wamkulu pa loji ina ku Senga Bay. Mukatopa ndi phulusali mudzabwere mudzandifunse."

Ndinatopa nalo mwezi womwewo.

Ku Senga Bay, kuyambira zaka za m'ma 1990

Ndinalowa m'khitchini ya pa lojipo ngati munthu wolowa m'tchalitchi cha eni. Firiji yaitali kuposa ine, uvuni wa gasi, mipeni yambirimbiri, uliwonse ndi ntchito yake. Tonse tinkawaitana kuti a Shefu. Sankakalipa. Ukalakwitsa ankangoima pambali pako chete, n'kulandira mpeni m'manja mwako, kukuonetsa kamodzi, n'kukubwezera. Kachiwiri sankaonetsa, ndipo manyazi ake ankapweteka kuposa kukalipiridwa. Sukulu anailekezera ku pulayimale, koma ankaphika zakudya za Amwenye, za Azungu, za Matchaina, zonse atazisunga m'mutu. Mlendo akabweza mbale isanathe, a Shefu ankaiyang'anitsitsa kuti aone chimene chatsala, mawa lake n'kusintha kaphikidwe.

Anali Msilamu wa mtima wonse. Nthawi ya swala ikakwana ankavula epuloni, kusamba, n'kukayala mkeka wawo kuseri kwa sitolo yosungiramo katundu, ngakhale alendo adzaze matebulo onse. M'mwezi wa Ramadani ankaphika tsiku lonse pamoto osalawa kanthu, osameza ndi dontho lomwe la madzi. Ndiye panali zakudya zina zimene alendo ankazifuna, zothira vinyo kapena za nyama ya nkhumba. Zimenezi a Shefu sankazigwira n'komwe. Ankaima chapatali, manja kumbuyo, n'kumandiuza chochita.

"Thirani vinyoyo tsopano. Basi, zakwana. Lawani, a Nachisale. Pa za haramu lilime langa ndi inu. Kukumveka kuwawasa kapena kwatha?"

Ndikawauza, ankadziwa chotsala ngati kuti alawa okha. Botolo la vinyo wophikira linkakhala m'kabati yanga, kiyi wake m'thumba la epuloni yanga. Zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito zinali choncho.

Mavuto a kusowa kwa zinthu ndi amene anandionetsa kukula kwa munthuyo. Magetsi ankazima nsomba zili m'firiji, gasi ankatha alendo a msonkhano ali m'njira. Nthawi ija mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, lole yobweretsa katundu kuchokera ku Lilongwe inaleka kubwera. Ife tinkangoyang'anana. A Shefu anatenga mgolo wachitsulo, kuumata ndi dothi la pa chulu, n'kupanga uvuni wa makala kuseri kwa khitchini. Buledi wa mu uvuni umenewo alendo ankafunsa ngati angatengeko kwawo. Chaka cha njala ija ya 2002 anapita okha kwa eni loji kukapempha kuti tiziphika phala la ana a antchito m'mawa uliwonse, ndipo inu munadya nawo phalalo. Bambo anu atamwalira, a Twaibu anabwera ku Maganga ndi thumba la mpunga panjinga, anakhala pamaliro mpaka titaika, ndipo malo anga pantchito anawasunga mpaka nditatha kulira. Munthu wina akadalemba wina sabata yomweyo.

Koma khitchini ya loji ili ndi msampha wake. Chakudya cha antchito chinali zotsala za alendo: tchipisi, soseji, buledi woyera wopaka majarini, makeke ophwanyika, mafuta a nyama otsala m'chiwaya amene tinkathira mumpunga. Kutentha kwa ku nyanja kuphatikiza kwa pamoto, tinkaziziritsa kukhosi ndi zakumwa za shuga za m'mabotolo. Tonse matupi anabwera. Kumudzi akandiona ankati, "Koma ndiye akukusungani bwinotu kumeneko." A Shefu ndiwo anaposa. Bambo wochepa thupi uja anasanduka chimunthu choti pa chitseko cha sitolo ankalowa chammbali. Njinga anaisiya, n'kumabwera pa kabaza. Anthu pamsika ankawapatsa ulemu chifukwa cha mimbayo, ankati ndi ya ulemerero, ndipo iwo ankakondwa nazo. Ndikabwera ndi bonongwe kapena chigwada cha kumudzi ankaseka n'kumati, "Masamba ndinadya okwanira pa umphawi wanga, a Nachisale. Panopa ndawasiyira mbuzi." Analinso ndi chizolowezi china chimene tonse tinkachiona ngati nzeru. M'mimba mukangowasokosa pang'ono, ankatuma munthu kugolosale kukagula makapisozi opha tizilombo, n'kumwa awiri atatu osaonana ndi dokotala.

Chaka chimene anadwala, chapakati pa zaka za m'ma 2010

Zinayamba ndi kutopa. Munthu amene ankaima tsiku lonse anayamba kufuna mpando. Kenako ankagwira m'munsi mwa nthiti za kumanja n'kukwinya nkhope. Tsiku lina masana, tikukonza chakudya cha ukwati, anatsamira tebulo, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "A Nachisale, malizitsani." Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo.

Woperekera zakudya wina anawaperekeza kuchipatala. Kumeneko anawayeza magazi n'kuwauza kuti chiwindi chawo sichikugwira bwino ntchito. Kwathu kuno matenda a chiwindi timawadziwa. Asodzi ambiri amatupa mimba chifukwa cha likodzo, ena ndi kachilombo kotupitsa chiwindi, ena ndi kachasu. Anawayeza likodzo, sanalipeze. Kachilombo kaja, sanakapeze. Ndiye wachipatala anafunsa funso limene amafunsa aliyense: "Bambo, mumamwa mowa?" Funso linali labwinobwino. Koma woperekeza uja analimva, ndipo pofika madzulo linali litasanduka yankho. Pa loji ponse, pamsika, mpaka padoko pamene amakocheza mabwato, nkhani inali yoti madokotala apeza kuti chiwindi cha a Twaibu chapsa ndi vinyo wa azungu. Ena anati n'chifukwa chake amakonda kupita kuseri kwa sitolo. Akazi awo, Abiti Amidu, anandiuza kuti pa Ijumaa, pa mapemphero a Lachisanu ku mzikiti, anthu amene ankaima nawo phewa ndi phewa anayamba kusiya mpata pakati. Banja lina limene linkafuna kufunsira mwana wawo wamkazi linangoti zii.

Ndinapita kukawaona kunyumba. Ndinawapeza atakhala pakhonde, chakudya chili pambali chosakhudzidwa.

"A Shefu, idyani pang'ono."

"Ululu wa m'nthiti ndiupirira, a Nachisale. Koma dzina langali ndilichapa ndi chiyani? Ndakhala pakati pa mabotolo moyo wanga wonse osanyambita ndi chivindikiro chomwe. Lero ana akundiloza."



Zimene a manijala anandiitanira

Nthawi imeneyo tinali ndi manijala watsopano, a Chikopa. Sanali munthu woipa. Anali ndi eni loji owafunsa mafunso pafoni, ndi nyengo ya Khirisimasi ikubwera, khitchini ilibe mutu. Anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Mayi Nachisale, ndilankhula mosabisa. Eni ake amva nkhani ya mowa. Akuti ngati zili zoona a Twaibu achotsedwe, asabwererenso. Inu ndi amene mwakhala nawo pafupi. Ngati munawaonapo akulawa, ngakhale kamodzi, ndiuzeni, nkhani ithere pomwepo."

"Sindinawaonepo, bwana. Kiyi wa vinyo amakhala ndi ine."

"Chabwino. Mowa tiusiye. Komabe munthuyo ndi wodwala, ndipo sitikudziwa ngati adzadzuke. Khitchini ikufuna wophika wamkulu. Ndikufuna mutenge malowo inuyo kuyambira mwezi wamawa. Mukakana ndiitanitsa wina ku Lilongwe, ndipo akabwera wabwera. Mwayi umenewu sudzabwereranso."

Ndinapempha kuti ndikaganize. Sindikubisirani, ana anga, chipewa chija ndinkachifuna. Mayi wophika wamkulu pa loji kunalibe m'dera lonselo nthawi imeneyo. Iwe Tiyamike unali utangosankhidwa kupita ku koleji, nyumba ya ku Maganga inkadontha, ndipo ine ndinali ndekha. Mchemwali wanga anati, "Iwe, mwayi sudikira munthu. Sunamudwalitse ndiwe." Ndipo ankanena zoona. Palibe amene akadanditcha wakuba. Koma ndinkati ndikalingalira, ndinkaona chinthu chimodzi. Ndikavala chipewacho pamene mphekesera ili pakamwa pa aliyense, anthu adzati, "Mwaona? Amuchotsa chifukwa cha mowa, ndipo Nachisale amene amadziwa zonse walowa m'malo." Ngakhale nditapanda kunena liwu limodzi, kuvala kwangako kukadakhala umboni.

Ndinabwerera kwa a Chikopa.

"Bwana, ntchito yonse ya a Shefu ndigwira. Khirisimasi idutsa bwino, mlendo sadandaula. Koma udindowo ayi. Ukhale wa a Twaibu mpaka madokotala anene mawu omaliza."

"Mukudziwa kuti mukhoza kutaya zonse ziwiri? Iwo osachira, inu malo n'kupita kwa wina?"

"Ndikudziwa, bwana."

Anapukusa mutu. "Ndikupatsani mpaka nyengo ya alendo ithe. Kupitirira pamenepo sindingathe kuwaletsa eni ake."

Ndinabwerera kukhitchini. Miyezi yotsatirayo ndinagwira ntchito ya anthu awiri, ndipo masiku ena ndinkadzitukwana ndekha pobwerera kunyumba.

Kwa dokotala ku Lilongwe

A Twaibu anawatumiza ku chipatala chachikulu kukajambulitsa m'mimba. Ulendo wachiwiri dokotala anawauza kuti abwere ndi amene amawaphikira. Iwo anati kunyumba amadya kamodzi kokha, zambiri amadyera kuntchito, ndiye anatitenga tonse awiri, Abiti Amidu ndi ine. Dokotalayo anali mayi wachitsikana, a Kamwendo, msinkhu wa akuluakulu mwa inu. Ndinadabwa kuona kuti anayamba ndi kutifunsa ife. Mumadya chiyani m'mawa? Nanga masana? Nyemba munadya liti? Zakumwa za shuga mumamwa tsiku lililonse? Makapisozi aja mumagula kangati? Anamvetsera osatidula. Atatha anatembenuza chithunzi kuti tione.

"Bambo Twaibu, chiwindi chanu chakuta mafuta, ndipo pena payamba zipsera. Matenda amenewa amagwira anthu amene sanalawepo mowa. Ndikuwaona kawirikawiri masiku ano, makamaka kwa anthu onenepa kwambiri ndi odwala shuga. Mwanena kuti simumwa, ndipo ine ndikukhulupirira."

A Shefu anatseka maso. Abiti Amidu anati, "Alhamdulillah," misozi ili mbwembwembwe.

"Nanga mafutawo afika bwanji kuchiwindi?" ndinafunsa ine.

"Njira ndi zingapo, mayi. Yaikulu ndi yoti thupi likalandira shuga ndi mafuta oposa amene lingagwiritse ntchito, limasunga ena m'chiwindi. Koma palinso mbali ina imene anthu ambiri saidziwa. M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tosawerengeka, tamitundumitundu."

"Ndiye mundipatse mankhwala titheretu," anatero a Shefu.

Dokotala anaseka. "Pamenepo ndi pamene pali nkhani, bambo. Tambiri mwa tizilomboti si adani. Ndi antchito anu. Timagaya zimene mimba yanu singathe kugaya yokha, monga gaga wa chimanga, makoko a nyemba ndi ulusi wa m'masamba. Tikadya zimenezo timatulutsa zinthu zolimbitsa khoma la matumbo, zothandizanso thupi kudziwa kuti lakhuta. Koma munthu akamangodya zoyera, zotsekemera ndi zokazinga, tabwino tija timasowa chakudya n'kuchepa, tina tosathandiza n'kuchuluka. Akamamwanso makapisozi mwachisawawa, amapha tabwino ndi toipa pamodzi. Khoma lija limafooka n'kuyamba kudutsitsa zoipa. Tsono magazi onse ochokera m'matumbo amayamba adutsa kuchiwindi asanapite kwina. Chilichonse chodutsa pakhomapo, woyamba kuchilandira ndi chiwindi. Chikakhala kuti chalemedwa kale ndi mafuta, chimatupa."

A Shefu anati, "Ndiye kuti ine, wophikira anthu zaka zonsezi, ndakhala ndikugoneka ndi njala antchito anga omwe?"

"Mungatero. Ndipo ndikuuzeni chinanso, poti mukhoza kudzachimva kwina n'kudzidzimuka. Mwa anthu ena, tizilombo tina tikapeza shuga wambiri timamusasitsa, n'kutulutsa timowa pang'ono m'matumbo momwemo."

A Shefu anadzuka pampando ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. "Astaghfirullah! A dokotala, mukuti m'mimba mwa ine mukufululidwa mowa?"

"Khalani pansi, bambo. Sindinati mwa inu, sitinayeze, ndipo kuno tilibe choyezera zimenezo. Ndikungoti zimachitika, ngakhale kwa munthu wosamwa. Nkhani ya tizilomboti ofufuza akuiphunzirabe. Sitikudziwa bwinobwino ngati kusokonekera kwa tizilombo ndiko kumayambitsa kunenepa, kapena kunenepa ndiko kumatisokoneza, mwina zonse zimakokana. Wina akadzakugulitsani botolo n'kunena kuti likonza tizilombo ta m'mimba n'kuchiza chiwindi, musagule. Chimene tikudziwa motsimikiza n'chakuti mukachepetsa thupi pang'onopang'ono, mukamayenda, mukasiya zakumwa za shuga n'kubwerera ku mgaiwa, nyemba, khobwe, masamba ndi zipatso, mafuta a m'chiwindi amatha kuchepa. Zipsera zimene zilipo kale mwina sizichoka, koma tikhoza kuziletsa kufalikira."

Ndakumana ndi anthu ophunzira ambiri pa ntchito yanga, koma amene amanena poyera kuti apa tikudziwa, apa sitikudziwa, ndi ochepa. Mtsikana ameneyu ndimamukumbukira mpaka lero. M'minibasi pobwerera tinatsika mapiri n'kuyamba kumva kutentha kwa kwathu. Pamenepo a Shefu anatembenuka n'kuti, "A Nachisale, bonongwe uja mumaphika bwanji?"

Atabwerera kuntchito

Anabwerera nyengo ya alendo itatsala pang'ono kutha, akadali ofooka. Tsiku loyamba, nthawi ya chakudya cha antchito, anaimirira pamaso pa tonse, oyeretsa m'zipinda, alonda, a pabala, ndi a Chikopa omwe. Munthu amene sankakonda kukamba za iye mwini anafotokoza zonse: mafuta a m'chiwindi, tizilombo ta m'matumbo, makapisozi a kugolosale. Sanatchule dzina la amene anafalitsa bodza, sanamuyang'ane n'komwe. Anamaliza ndi kuti, "Mowa sindinamwe. Koma chimene chinandidwalitsa ndinakuphikiraninso inu, ndipo ena mwa inu mimba zikutsata yanga. Kuyambira lero pakhala miphika iwiri, wina wa zakudya zathu zozolowera, wina wa zakudya za kumudzi. Sindikakamiza munthu." Atatero anakhala pansi n'kudya mgaiwa ndi nyemba ndi nkhwani, onse akuona. Kwa inu zingaoneke zazing'ono. Koma munthu amene anathawa umphawi n'kufika pokhala wophika wamkulu, kudya chakudya cha kumudzi pamaso pa antchito ake pamene tchipisi chili pomwepo, panafunika mtima.

Ku mzikiti anapita okha kwa shehe n'kumufotokozera zonse, ngakhale za timowa tija, poti zinkawavutitsa mumtima. Anandiuza kuti shehe anawayankha kuti chimene munthu sanachiike pakamwa ndi dzanja lake si mlandu wake, ndipo Ijumaa lotsatira anawaimika pafupi ndi iye. Mpata uja unatsekeka.

Kabaza anamusiya. Ankayenda wapansi kuchokera kunyumba, poyamba akupumira m'njira, kenako osapumira, kenako anakonzetsa njinga yawo yakale. Zakumwa za m'mabotolo analowetsa m'malo ndi madzi, nthawi zina thobwa losathira shuga kapena chambiko. Sizinali zophweka. Masabata oyamba nyemba zinkawadzaza mpweya m'mimba mpaka ankathawira panja, ife n'kumaseka chobisa. Tsiku lina ndinawapeza ataima pa chiwaya cha tchipisi, akungonunkhiza ngati munthu woima pamanda a mnzake. Anandiona n'kuti, "Musandiyang'ane choncho, ndikungopereka moni."

Thupi litayamba kutsika, pakamwa pa anthu panatsegukanso. Kwathu kuno munthu wonenepa akaonda, aliyense amadziwa chimene anthu amaganiza. Anayamba kunong'onezana kuti a Twaibu ali ndi kachilombo, ayamba kulandira mankhwala otalikitsa moyo. Ine zinandipsetsa mtima kuposa poyamba, ndipo ndinawauza kuti aimirirenso awatsutse.

"Ayi, a Nachisale," anatero akusenda adyo. "Ndili wonenepa ndinali chidakwa, ndaonda ndili ndi kachilombo. Ndikanenepanso kuti ndiwasangalatse, adzabwera kudzadya mpunga pamaliro anga. Za mowa ndinatsutsa chifukwa linali bodza lokhudza chikhulupiriro changa. Koma izi ndikaimirira n'kumalumbira kuti ndilibe, ndiye kuti ndikuuza anzathu amene ali nako muno kuti ndi chinthu chochititsa manyazi. Ndikadakhala nako ndikadamwa mankhwala n'kumaphikabe. Asiyeni."

Sindinawaonepo aakulu ngati tsiku limenelo, ngakhale malaya anali atayamba kuwakhwepa.

Atapitanso kukajambulitsa, a Kamwendo anawauza kuti mafuta achepa kwambiri ndipo magazi akuonetsa bwino. Zipsera zinalipobe, koma sizinakule. A Shefu anafunsa ngati ndi tizilombo tija tabwerera. Dokotala anati sangathe kulekanitsa kuti gawo la tizilombo ndi liti, la kuyenda ndi liti, la kuonda ndi liti, koma apitirize zomwe akuchita. Mphika wachiwiri uja poyamba tinkadya anthu atatu, iwo, ine ndi mlonda wina wodwala shuga. Ena ankati a manijala apeza njira yotimana zabwino. Pang'onopang'ono mphikawo unayamba kutha msanga kuposa unzake, ngakhale alipo amene sanaulawe mpaka ine kupuma. Ineyo mawondo anasiya kundiwawa. Mwana wa a Twaibu uja anakwatiwa, ku banja lina.

Kupuma kwawo, kumapeto kwa zaka za m'ma 2010

Anagwira ntchito zaka zina zingapo ali ndi mphamvu, mpaka anaona okha kuti maso ayamba kuchita chidima. Palibe anawachotsa. Anapita kwa a Chikopa n'kunena kuti akupuma, ndipo anatchula okha dzina langa kuti ndilowe m'malo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti a Chikopa anali atawauza kalekale zimene tinakambirana mu ofesi muja, koma a Twaibu sanandifunsepo, sanandithokozepo ndi mawu. Tsiku lotsanzikana anangondiitana pakati pa anthu, n'kundipatsa mpeni wawo waukulu atagwira kuchitsulo, chigwiriro chikuloza kwa ine.

M'mawa mwake ndinafika kuntchito mtima uli m'mwamba. Nditakhota kuseri kwa khitchini ndinaona njinga itatsamira mtengo wa mango. Pa benchi ya alonda panali a Twaibu, atavala mkanjo ndi kofia, lichero lili pamiyendo.

"A Shefu, mwaiwala kuti munapuma dzulo?"

Anaimirira, n'kuwerama pang'ono monga ankachitira anyamata ofuna ntchito pa chitseko chimenecho.

"Pepani a Shefu," anatero kwa ine. "Kunyumba andithamangitsa, akuti ndikulowerera za kukhitchini. Kodi pano pangapezeke ganyu yosankha nyemba?"

Ndinalowa m'sitolo, n'kutuluka ndi ndowa ya nyemba, n'kuwaikira pafupi.

"Musankhe bwino, bambo," ndinatero. "Muno sitionetsa kawiri."